Lanolin: phula la nkhosa lofewetsa khungu, mtengo wake ndi zovuta zake

Nyengo yozizira ikafika, kuyambira mu May mpaka mu August, khungu la anthu ambiri limatuwa, milomo imasweka ndipo zidendene zimang'ambika. Iyi ndi nthawi imene mafuta odzola amayenda malonda kwambiri m'masitolo ndi m'misika ya m'mizinda. Pa mabotolo ena, pakati pa timawu tosonyeza zimene zasakanizidwa m'mafutawo, pamapezeka dzina lakuti lanolin. Amayi amene angobereka kumene nawonso amalimva dzinali kwa anzawo kapena kwa ogulitsa mankhwala, nsonga za mawere zikayamba kusweka poyamwitsa.

Lanolin amathandizadi pa khungu louma. Komabe ali ndi khalidwe limodzi lofunika kulidziwa: pa khungu labwinobwino savuta kawirikawiri, koma pa khungu lodwala kapena la zilonda amatha kuyambitsa zidzolo. Izi zikutanthauza kuti khungu limene likuoneka ngati likumufuna kwambiri ndi limenenso lingavutike naye. Popeza ndi wokwera mtengo poyerekeza ndi mafuta wamba, wogula ayenera kudziwa malo amene lanolin amapindulitsa, ndi malo amene ndalama yake ingangopita pachabe kapena kubweretsa vuto lina.

Kumene amachokera

Lanolin ndi phula lofewa, lachikasu, limene khungu la nkhosa limatulutsa kuti lizikuta ubweya wake. Phulali limateteza ubweya ndi khungu la nkhosayo ku mvula, mphepo ndi dzuwa. Ngakhale anthu amamutcha mafuta, akatswiri amamuika m'gulu la phula, chifukwa mpangidwe wake ndi wosiyana ndi wa mafuta ophikira kapena mafuta a nyama.

Nkhosa siphedwa kuti lanolin apezeke. Alimi akameta ubweya, amautumiza ku mafakitale kumene umachapidwa ndi madzi otentha ndi sopo usanawombedwe nsalu. Madzi ochapirawo amadutsa m'makina ozungulira mothamanga kwambiri amene amapatula phulalo. Pa kulemera kwa ubweya wongometedwa kumene, phulali limatenga magawo 5 mpaka 25 pa 100 alionse, malinga ndi mtundu wa nkhosa. Nkhosa ya mtundu wa Merino, yotchuka ku Australia ndi ku South Africa, imapereka mamililita 250 mpaka 300 ikametedwa.

Phula lochokera m'makinamo limakhala loderako, lonunkha nkhosa komanso losakanikirana ndi litsiro, sopo ndi zotsalira za mankhwala ophera nkhupakupa ndi tizilombo tina amene nkhosa zimasambitsidwa nawo. Kuti lifike poyenera khungu la munthu, limayengedwa kangapo. Kuyengaku ndiko kumasiyanitsa lanolin wopaka pa zitsulo ndi lanolin wopaka pa bere la mayi woyamwitsa, ndipo ndiko kumasiyanitsanso mitengo yake.

Mbiri yake

Anthu anayamba kalekale kugwiritsa ntchito phula la ubweya wa nkhosa. Dioscorides, sing'anga wa Chigiriki amene anakhala ndi moyo m'zaka 100 zoyambirira pambuyo pa kubadwa kwa Yesu, anafotokoza m'buku lake la mankhwala lotchedwa De Materia Medica momwe phulali ankalichotsera pochapa ubweya m'madzi otentha.

Dzina lakuti lanolin linabwera mu 1882, pamene anthu awiri a ku Germany, Otto Braun ndi Oscar Liebreich, anapeza njira yoyengera phulali ndi makina. Analipanga dzinali kuchokera ku mawu awiri a Chilatini: lana, kutanthauza ubweya, ndi oleum, kutanthauza mafuta. Pambuyo pake, katswiri wina, Isaac Lifschütz, anatulutsa mu lanolin chinthu chimene anachitcha Eucerit, chokhoza kugwirizanitsa madzi ndi mafuta kuti zisalekane. Chinthu chimenechi ndicho chinakhala maziko a Nivea Creme, amene kampani ya Beiersdorf ya mumzinda wa Hamburg inayamba kugulitsa mu 1911. Mpaka lero, pa chitini chabuluu cha Nivea pamalembedwa kuti muli Lanolin Alcohol.

Momwe amagwirira ntchito pa khungu

Khungu limauma pamene madzi a m'kati mwake akutuluka mofulumira kuposa momwe akubwezeretsedwera. Mphepo yozizira ndi youma, sopo waukali, kusamba madzi otentha kwambiri ndi kuchapa pafupipafupi zimachotsa mafuta achilengedwe amene amatchinga madziwo.

Lanolin amathandiza m'njira ziwiri. Choyamba, amayala kansalu kopyapyala pamwamba pa khungu, kamene kamachepetsa kutuluka kwa madzi popanda kutsekeratu. Chachiwiri, iye mwini amasunga madzi: amatha kumwa madzi olemera pafupifupi kawiri kulemera kwake. Zina mwa zinthu zimene zili mwa iye, monga cholesterol, zimapezekanso m'mafuta achilengedwe a khungu la munthu, ndipo n'chifukwa chake amalowerera bwino m'timing'alu ta khungu lokhakhala.

Lanolin amasungunuka pa kutentha kwa madigiri 38 mpaka 44, pamwamba pang'ono pa kutentha kwa thupi la munthu. M'nyengo yozizira amalimba m'chubu, ndipo amafewa akatikitidwa pakati pa zala. Ndi womata komanso wolemera, motero sayenera kudzola thupi lonse ali yekha wosasakaniza. Amagwira bwino ntchito akapakidwa pang'ono munthu atangosamba kumene, khungu likadali lonyowa.

Ntchito zake

Lanolin wosasakaniza amayenera malo ang'onoang'ono ouma kwambiri: milomo yosweka, zigongono, maondo, zidendene zong'ambika ndi m'mbali mwa zikhadabo. Amathandizanso manja a anthu amene amagwira madzi, sopo, simenti kapena choko tsiku lonse. Pa zidendene, ambiri amapaka madzulo n'kuvala sokosi kuti mafutawo asapukutike ndi zofunda.

Nthawi zambiri lanolin amapezeka atasakanizidwa ndi zinthu zina. Ali m'mafuta a pamilomo monga Carmex, m'mafuta opaka makanda amene anyuka ndi matewera monga Sudocrem ndi Bepanthen, komanso m'mafuta a khungu louma monga E45 ndi Aquaphor. Amapezekanso m'mafuta ena a tsitsi, m'zopaka pamilomo zokongoletsa, m'sopo wometera ndevu ndi m'mankhwala ena opaka m'maso ndi pakhungu, momwe ntchito yake ndi kunyamula mankhwalawo.

Kunja kwa zodzoladzola, lanolin amateteza zitsulo ku dzimbiri ndipo amafewetsa zikopa ndi nsapato. Vitamini D3 wambiri wogulitsidwa ngati mapiritsi amapangidwa kuchokera ku lanolin.

Pali zinthu zimene lanolin sachita. Sayeretsa khungu, sachotsa zipsera, ndipo sachiza chipere, mphere kapena matenda ena oyamba ndi tizilombo. Satetezanso ku dzuwa, choncho sangalowe m'malo mwa mafuta oteteza ku dzuwa amene anthu achialubino amafunika kudzola tsiku lililonse.

Amayi oyamwitsa

Ntchito imene yatchukitsa lanolin kwambiri masiku ano ndi yopaka pa nsonga za mawere zosweka. Makampani monga Lansinoh ndi Medela amagulitsa timachubu ta lanolin woyengedwa kwambiri, wopanda fungo ndi zosakaniza zina, ndipo amalangiza kuti sipafunika kumupukuta mwana asanayamwe. Nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa ululu wa mawere ndi chimodzi mwa zifukwa zimene amayi ena amasiyira msanga kuyamwitsa, pamene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 yoyambirira.

Komabe umboni wa akatswiri sukumuika lanolin pamwamba monga momwe malonda amachitira. Mu 2014, bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zachipatala, linapeza kuti panalibe umboni wokwanira woti lanolin amachepetsa ululu wa nsonga za mawere kuposa kupakapo mkaka wa mayi mwiniyo kapena kusapakapo kalikonse. Linapezanso kuti kwa amayi ambiri ululuwo umachepa pakatha masiku 7 mpaka 10 chibadwire mwana, kaya apakapo chinthu kapena ayi.

Gwero la vutoli kawirikawiri ndi kagwiridwe ka bere. Mwana akamayamwa nsonga yokha m'malo molowetsa m'kamwa gawo lalikulu la malo akuda ozungulira nsongayo, khungu limanyuka ndi kusweka, ndipo palibe mafuta amene angaletse zimenezi kufikira kagwiridweko katakonzedwa. Anamwino ndi azamba amaphunzitsa zimenezi kusikelo. Mayi amene sangakwanitse kugula lanolin asaganize kuti mwana wake kapena iye mwini akumanidwa mankhwala ofunika. Amene wasankha kumugwiritsa ntchito agule woyengedwa wolembedwa kuti ndi wa amayi oyamwitsa, osati mafuta wamba odzola okhala ndi lanolin, chifukwa amenewo amakhala ndi zonunkhiritsa zosayenera kulowa m'kamwa mwa khanda. Bere likatupa, likafiira, likatentha kapena mayi akamva malungo, pamafunika chipatala msanga.

Mtengo wake

Nkhosa za ku Malawi zambiri ndi za bweya waufupi, zoweteredwa nyama. Ubweya wamalonda umachokera kwambiri ku China, Australia ndi New Zealand, ndipo kuno kummwera kwa Africa umachokera ku South Africa ndi Lesotho. Motero lanolin wogulitsidwa ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena Zomba amachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsatira ndalama zakunja, ulendo wa katundu ndi misonkho. Pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wotere anakwera mtengo limodzi ndi zina zonse zoitanitsidwa kunja.

Mtengo umadaliranso mlingo wa kuyenga. Wotchipa kwambiri ndi lanolin wa m'mafakitale, amene sayenera khungu la munthu. Pakatikati pali wa zodzoladzola. Wodula kwambiri ndi wachipatala. Malamulo a mankhwala a ku United States amalola kuti lanolin wamba akhale ndi zotsalira za mankhwala ophera tizilombo zosapitirira magawo 40 pa magawo 1 miliyoni, pamene woyengedwa mwapadera sayenera kupitirira magawo 3. Kutsitsa zotsalirazo kufika pamenepo kumadya ndalama. Ngakhale ku Britain ndi ku United States, kachubu ka magalamu 40 ka lanolin wa amayi oyamwitsa kamagulidwa pafupifupi mapaundi 10 kapena madola 10, ndalama yokwanira kugula Vaseline wochuluka kangapo.

Njira yabwino yoyerekezera mitengo ndi kugawa mtengo wa botolo ndi kuchuluka kwa magalamu kapena mamililita ake. Pa galamu imodzi, lanolin wosasakaniza amaposa kutali Vaseline ndi glycerine. Mbali ina, amagwiritsidwa ntchito pang'onopang'ono, moti kachubu kamodzi kamakhalitsa ngati kakupakidwa pa milomo kapena pa zala pokha.

Wogula achenjerenso ndi dzina lakuti lanolin lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kutsogolo kwa botolo. Pa mndandanda wa zosakaniza, chinthu chochuluka chimalembedwa koyamba ndipo zochepa zimabwera kumapeto. Lanolin akakhala chakumapeto, ndiye kuti alimo wochepa, ndipo ntchito yaikulu ikugwiridwa ndi zinthu zina. Mwachitsanzo, mu E45 muli lanolin 1 peresenti yokha, ndipo mu Sudocrem muli 4 peresenti. Mafuta amenewa amathandiza, koma chifukwa chake si lanolin yekha.

Kwa munthu wofuna kudzola thupi lonse m'nyengo yozizira, Vaseline, amene amachokera ku mafuta a pansi pa nthaka, amatchinga madzi a m'khungu kuposa lanolin, ndi wotchipa, ndipo sizichitikachitika kuti thupi limukane.

Pamene thupi lamukana

Vuto lodziwika kwambiri la lanolin ndi lakuti matupi ena amamukana. Pamalo opakidwa pamayabwa, pamafiira kapena kuda kuposa khungu lozungulira, pamatuluka tizidzolo kapena timatuza, ndipo nthawi zina pamatuluka madzi kapena kusendeka. Zizindikirozi sizibwera nthawi yomweyo. Zimaoneka pakadutsa tsiku limodzi mpaka atatu, ndipo zimatha kuyamba mwa munthu amene wakhala akudzola mafuta omwewo kwa miyezi yambiri popanda vuto. N'chifukwa chake ambiri saganizira mafutawo, ndipo amawonjezera kupaka poganiza kuti khungu likuumirabe.

Madokotala akhala akutsutsana za kukula kwa vutoli kwa zaka zambiri. Mu 1953, Marion Sulzberger ndi anzake ku New York anapeza kuti pafupifupi mmodzi pa odwala 100 a matenda a pakhungu amene anawayeza ankamukana lanolin. Chiwerengerochi chinafala molakwika ngati kuti chikunena za anthu onse, ndipo lanolin anayamba kuopedwa. Mu 1998, dokotala wina wotchuka wa ku America, Albert Kligman, analemba kuti mantha amenewa anali opitirira muyeso. Pakati pa anthu a khungu labwinobwino, amene amamukana safika mmodzi pa 100 alionse.

Chomwe chimagwirizanitsa mbali ziwirizi ndi chimene dokotala Ronni Wolf anafotokoza mu 1996: lanolin yemweyo amene savuta pa khungu lathanzi amatha kuvuta pa khungu loonongeka, chifukwa pamenepo amalowa mozama n'kukumana ndi chitetezo cha thupi. Mu 2023, bungwe la madokotala la American Contact Dermatitis Society linasankha lanolin kukhala chinthu choyambitsa zidzolo chofunika kuchiyang'anitsitsa m'chakacho.

Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi anthu a zilonda zosapola za m'miyendo, anthu otupa miyendo chifukwa cha kusayenda bwino kwa magazi, odwala eczema, matenda amene amaumitsa ndi kuyabwitsa khungu kwa nthawi yaitali, komanso amene ali ndi zotupa kumalo obisika. Ana aang'ono ndi okalamba amapezeka kwambiri m'magulu amenewa.

Kuyabwa kumene kumabwera munthu akavala juzi yaubweya si umboni wokwanira woti thupi lake limakana lanolin. Kawirikawiri kumayamba chifukwa cha ulusi wokhakhala umene umabaya khungu.

Zovuta zina

Popeza ndi wolemera, lanolin amatha kutseka timabowo ta khungu mwa anthu amene nkhope zawo zimatuluka mafuta ambiri, ndipo ziphuphu zimawonjezeka. M'nyengo yotentha ya October ndi November, kupaka mafuta olemera pamalo a ubweya kumathanso kuyambitsa tizotupa m'mizu ya ubweyawo.

Lanolin sayenera kupakidwa pa bala lakuya, pa chilonda cha mafinya kapena pamene munthu wangopsa kumene. Popsapo pamafunika madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, kenaka chipatala ngati papsa kwambiri. Odwala matenda a shuga apewe kupaka mafuta pakati pa zala za kumapazi, ndipo mng'alu uliwonse wa kuphazi umene wasanduka chilonda ukaonedwe kuchipatala.

Kumeza pang'ono, monga zimachitikira ndi mafuta a pamilomo, sikuvulaza. Koma mwana akadya wambiri amatha kusanza kapena kutsekula m'mimba, ndipo phulalo likhoza kutseka matumbo. Chubu chisungidwe pamene ana sangafikepo.

Palinso ngozi ya moto. Mu 2018, bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain la MHRA linachenjeza kuti mafuta onse ofewetsa khungu akalowerera m'zovala, m'zofunda kapena m'mabandeji, nsaluzo zimayaka mofulumira kwambiri zikakhudzana ndi moto, ndipo kuchapa sikuchotseratu mafutawo. Chenjezoli likukhudza kwambiri mabanja amene amaotha mbaula m'miyezi ya June ndi July kapena kuyatsa makandulo magetsi akazima.

Kuyesa ndi kuwerenga asanagule

Munthu amene sanadzolepo lanolin akhoza kuyamba wapaka pang'ono m'kati mwa mkono kawiri pa tsiku kwa sabata imodzi. Pakatuluka zidzolo, asiye. Pakapanda kutuluka kanthu, ndi chizindikiro chabwino, koma sichitsimikizira kuti khungu lodwala nalonso limulola. Amene ali ndi eczema kapena zilonda ayambe wafunsa dokotala.

Khungu likamaipiraipira pamene munthu akupaka mafuta kapena mankhwala amene amayenera kulichiza, chinthu choyamba ndi kusiya kupakako, kutsuka malowo ndi madzi, ndi kupita kuchipatala atanyamula botololo. Zipatala zazikulu za Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth Central ku Blantyre zili ndi mbali yoona matenda a pakhungu. Kutupa kwa nkhope, milomo kapena lilime, ndi kubanika popuma, sizichitikachitika, koma zikachitika munthu athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Amene wapezeka kuti thupi lake limakana lanolin ayenera kudziwa maina ena amene amalembedwa pa mabotolo: Lanolin Alcohol, Lanolin Oil, Wool Fat, Wool Wax, Wool Alcohols, Adeps Lanae, Eucerit ndi Amerchol. Auzenso dokotala kapena wogulitsa mankhwala nthawi iliyonse imene akulandira mankhwala opaka.

Mafuta otapidwa m'chidebe chachikulu n'kuikidwa m'timabotolo topanda dzina la wopanga, mndandanda wa zosakaniza ndi tsiku lothera mphamvu sapereka mpata wodziwa ngati lanolin wake ndi woyengedwa kapena wa m'mafakitale. M'dziko muno, mankhwala ndi malo ogulitsira mankhwala zimayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, pamene Malawi Bureau of Standards imaona za ubwino wa katundu wogulitsidwa. Lanolin wopaka pa bere kapena pa khungu la khanda agulidwe kumalo ovomerezeka, ali m'chubu chomata cha kampani imene inamupanga.